Mawu a Asibweni Adafika Patali

Mbuzi imene tidagulitsa inali yaikazi, ndiponso inali ndi bere. Mpaka lero amama, akazi awo a asibweni, nkhani imeneyi sadaimeze. Ndikafika kwawo ku Hewe amandilonjera bwinobwino, monire monire, madzi osamba amatenthetsa, nkhuku amagwira. Koma nsima ikafika pakati salephera kuponyapo kamawu kakuti mbuzi ija ikadakhalapo bwenzi pano khola litachepa. Ine ndimangowerama n'kumatema nsima, chifukwa amene adabweretsa nzeru yogulitsa mbuziyo ndine.

Asibweni, kwa inu amene Chitumbuka chidakulambalalani, ndiwo amalume, alongo awo a mayi anga. Bambo anga ndi a ku Ntcheu, ine ndidakulira ku Ndirande, ndiye Chitumbuka changa n'chothyokathyoka, chongokwanira kupempha madzi akumwa ndi kunena kuti yewo. Izi ndazitchula dala, muona chifukwa chake kutsogoloku.

Mkuluyu amaimba bangwe, amene ena kumeneko amati pango. Ndi thabwa la mlombwa lotalika ngati mkono, lakuda bii chifukwa cha thukuta la zaka zambiri. Waya wake ndi mmodzi yekha, koma adamulowetsa m'timabowo uku ndi uku, kupita n'kubwerera, mpaka kupanga nsambo zisanu ndi ziwiri, ndipo pansi pa nsambo iliyonse pali kamtengo kamene amakasuntha pochuna. Mbali imodzi ya thabwalo amailowetsa m'chitini chakale cha palafini, chimene adachikhomerera zitsekerero za mabotolo mosalimbitsa, kuti zizinjenjemera nyimbo ikamayenda. Zala za kumanzere zimagona pa nsambo zimene sakuzifuna, chala cha kumanja n'kumakwapula zonse pamodzi. Zimene sizinagwidwe ndizo zimalankhula. Basi, bangwe ndi ameneyo. Sadampangire bwalo la mpira ayi. Adampangira anthu khumi kapena makumi awiri ozungulira mphika wa mowa, mwezi uli mbee.

Kale, ati, fodya akagulidwa ku okushoni ya ku Mzuzu, ndalama zikayamba kununkha pa Bolero ndi pa Katowo, asibweni sankagona kwawo. Ankawalanda. Uyu akuti tiyeni kwanga kuli masese, uyo akuti kwanga ndapha mbuzi. Ankabwerera ndi makobidi m'chipewa, nthawi zina tambala pakaliyala ya njinga. Kenaka kudabwera wailesi ya kaseti ndi batire ya galimoto. Adapirira, chifukwa batire imatha. Koma kutabwera sola, ndi timakadi ta nyimbo zikwizikwi, ndi masipika pa golosale iliyonse, pometera paliponse, ngakhale pa njinga ya kabaza, mkulu uja adamira. Ndidawaonapo ndi maso anga pa chikwati china mu 2022: chala chikuyenda, kukamwa kukutseguka, mitsempha ya m'khosi ili njo, koma mawu osamveka, ngati nsomba ikuyasamula m'madzi. Anyamata a masipika sadawathamangitse. Adangokweza voliyumu.

M'chaka cha 2023, fodya atatha, adandiitana kuseri kwa nkhokwe. "Muphwa," adatero, "iwe ndiwe wa m'tauni. Ndipezere kabokosi kamene kamakuza mawu. Kakang'ono, koti ndizikanyamula panjinga." Taonani, adanena okha: kakang'ono, koti kazikwera njinga. Mawu amenewa ndidawamva ndi makutu anga awiri, koma ndidawasiya pomwepo kuseri kwa nkhokwe.

Vuto la kumudzi n'lakuti ukakhala ndi dipuloma, dzina lako n'kumatuluka m'nyuzipepala pansi pa ndakatulo, anthu amaganiza kuti chilichonse chokhala ndi waya umachidziwa. Vuto langa linali lakuti sindidakane. Ndidati zimenezo n'zazing'ono, ingogulitsani mbuzi imodzi, ine ndiwonjezerapo. Ndidawonjezeradi: malipiro a ndakatulo zitatu ndi nkhani imodzi, amene ndidawadikira miyezi inayi.

Mu sitolo ina ku Mzuzu mnyamata adandionetsa chimene ankati ndi mfumu ya masipika. Chinali chofika m'chiuno, cha matayala ndi chogwirira ngati sutikesi ya pabwalo la ndege, magetsi ofiira ndi obiriwira akuthamangitsana kuzungulira sipika, mayikolofoni awiri opanda waya, ndipo pachifuwa pake padalembedwa ndi zilembo zagolide kuti 5000W. Adaika nyimbo ya ku Joni, n'kupotokola. Mabotolo a pashelefu adavina. Nthiti zanga zidavina. Ndidaona m'maganizo anyamata a masipika aja akugwada pamaso pa asibweni. Sindidafunse ngati chidaimbapo bangwe, sindidafunse batire yake imakhala maola angati, sindidayese n'komwe kuchinyamula ndi dzanja limodzi. Ndidangofunsa ngati angandichotsereko pang'ono.

Ulendo wake wokha udali wokwanira kundichenjeza. Kondakitala adati chimenecho chilipire mpando wakewake, ndipo chidakhaladi pampando ngati munthu, kudutsa Ekwendeni, kukhota pa Bwengu, kulowa m'mapiri a Njakwa pamene South Rukuru amadzipanikiza pakati pa miyala, mpaka pa boma. Matayala aja adapangira simenti yosalala. Fumbi la kwathu adalilawa mamita ochepa, limodzi n'kuguluka. Panjinga chidakana kukwera. Tidachita kubwereka ngolo.

Tidasankha tsiku la msika pa Bolero kuti dziko lione. Tidakhala pansi pa mtengo, anthu n'kuyamba kusonkhana chifukwa cha magetsi othamangitsana aja. Ine, katswiri, ndidatenga mayikolofoni imodzi n'kuiponya m'chitini cha bangwe, ina n'kuwagwirira asibweni pakamwa, chisipika chija ndidachiika kumbuyo kwawo kuti nawonso azidzimva. Ndidapotokola.

Abale, likhweru limene lidatuluka pamenepo sindidalimvepo chibadwire. Lidayamba ngati udzudzu, m'kuphethira kwa diso n'kusanduka nkhumba yophedwa ndi mpeni wobuntha. Amayi a tomato adagwira m'makutu. Agalu adabalalika. Mwana wina kumbuyo adayamba kulira. Ndikatsitsa, bangwe osamveka. Ndikakweza pang'ono, nkhumba ija yadzuka. Pamene ndidapeza pakatikati, zimene zinkatuluka sizinali bangwe ayi, zinali ngati munthu akusinja chimanga m'chimbudzi cha malata, du du du, ndipo mawu a asibweni ankabwera katatukatatu chifukwa kabatani ka eko sindidadziwe pozimitsira. Mnyamata wina wa kabaza adakuwa kuti, "Adada, ikani fleshi tivine!" Anthu adaseka. Ola lisanakwane magetsi aja adayamba kuphethira mwaulesi, chinthu chonse n'kuzima.

Asibweni adakulunga bangwe wawo m'thumba la feteleza, pang'onopang'ono, ngati akukulunga mwana wodwala. Sadalankhule mpaka titatuluka mu msika. Kenaka adati, "Muphwa, chinthu chako chili na mazgu ghake. Ghane chikughakana." Chimenecho ndidachimva ngakhale ndi Chitumbuka changa chopempherera madzi: chinthu chako chili ndi mawu akeake, anga chikuwakana.

Ku sitolo kuja adandionetsa chikwangwani chakuti katundu akatuluka sabwerera. Ndisanapume, mu November chaka chomwecho kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo ngati nyani. Usiku ndinkakhala pa foni kuonerera zimene anzathu oimba m'misewu ya ku London ndi Johannesburg amagwiritsa ntchito. Ambiri amanyamula kabokosi kotchedwa Roland Cube Street: mawati 5 okha, mabatire asanu ndi limodzi a tochi yaing'ono aja, polowetsa mayikolofoni pakepake, polowetsa chida pakepake. Kena n'kakale, Pignose, kamene kadatuluka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, nakonso mawati 5, kakang'ono ngati buledi. Mawati 5! Ine ndidali nditagula 5000 n'kuchita nawo manyazi pamsika. Koma mtengo wa timabokosi timeneti, kuphatikiza wotumizira, unali wa mbuzi zingapo, ndipo amama anali atayamba kugona ndi kiyi wa khola.

Tidayesako ampu ya gitala ya kutchalitchi kwina. Iyo sidalire likhweru kwenikweni, koma bangwe adatuluka ngati akulankhulira m'mphuno, waukali, wopanda kukoma kwa thabwa. Komanso inkafuna magetsi a pakhoma, amene kwa asibweni kulibe.

Amene adanditola ndi mkulu wina wokonza mawailesi pa khonde lina pa boma la Rumphi, wa magalasi omanga ndi ulusi, amene magetsi akazima amatenthetsa chitsulo chake chowotcherera pa mbaula. Ndidapita kuti andikonzere tayala ndi batire. Adamasula kumbuyo kwa mfumu ya masipika ija n'kundiitana kuti ndisuzumire. M'katimo munali mphepo yokhayokha. Pakona padali kabatire kochepa kuposa ka njinga yamoto, ndi kabolodi konga bokosi la machesi. Chikomekome cha mkuyu.

"Achimwene," adatero, "ketulo yamagetsi imadya mawati pafupifupi 2000. Inu mukuti kabatire aka kangatulutse maketulo awiri ndi theka? Bwenzi mukuphikira nsima pomwepa." Adandionetsa tizilembo ting'onoting'ono pansi pa nambala yagolide ija, PMPO, n'kunena kuti imeneyo ndi nambala ya otsatsa malonda, aliyense amalemba imene walota. Yofunika kuifunsa ndi ya RMS, mphamvu imene chinthu chingatulutse mosalekeza, ndipo chisipika changa, mwa kuona kwake, sichikadapitirira mawati 30. Adawonjeza china chimene chidandidabwitsa: kuti khutu limve ngati mawu akwera kawiri, mawati ayenera kuchuluka pafupifupi kakhumi. Ndiye kuthamangitsa manambala n'kutaya ndalama. Chimene chimapulumutsa woimba ndi sipika yabwino, yoikidwa pamalo oyenera, ndi njira imene mawu a chida akulowera.

Ndidati ndiye mundipangire chabwino. Adandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kodi telala amasoka jekete asanamuyeze mwini wake? Bweretsani bangweyo, ndi mwini wake yemwe."

Tsiku limene akuluakulu awiriwa adakumana ndimalikumbuka kuposa tsiku limene ndidalandira dipuloma. Mmisiri uja sadagwire waya uliwonse poyamba. Adati imbani. Adamvetsera nyimbo yathunthu maso ali chitsinzire, kenaka adagwada n'kumayendetsa khutu kuzungulira bangwe, kuchitini, kuthabwa, kunsambo, ngati dokotala. Atatero adatulutsa m'kabotolo kachitsulo kozungulira, kopyapyala, kamkuwa, kokhala ndi koyera pakati, kakulu ngati ndalama yachitsulo. Adati dzina lake ndi piezo, adakachotsa mu alamu yakufa. Ameneyu ndiye pikapu, osati galimoto yonyamula mabelo ija, koma khutu la ampu. Kachitsulo aka sikamva mphepo monga imachitira mayikolofoni. Kamamva kunjenjemera kwa chimene kakhudza, n'kusandutsa kunjenjemerako kukhala timagetsi. Ndiye phokoso la msika, kulira kwa ana, masipika a anzathu, zonsezo sikazilabadira kwenikweni. Kamamva thabwa.

Adafotokoza kuti pikapu ya gitala yamagetsi ndi ya maginito, imamva waya wachitsulo yekha, thabwa silikudziwa, ndipo ampu yake adaipanga dala kuti izisintha mawu, kuwapatsa ukali. N'chifukwa chake ya kutchalitchi ija idawalankhulitsa m'mphuno asibweni. Chida cha thabwa chimafuna ampu yosawonjeza zakezake, yokhala ndi sipika yapakati ndi kena kakang'ono ka mawu opyapyala kamene amati twita, kuti kukwapula kwa chala kumveke.

Koma piezo ali ndi mwano wake. Ukamulowetsa molunjika pabowo la mayikolofoni amalira mopyapyala ngati udzudzu, thupi lonse la mawu limatsalira m'njira. Amafuna polowera pomulandira mofewa, pamene amisiri amati pa megaohm imodzi kapena kuposa. Mkulu uja adalumikiza kabolodi kena kakang'ono, ka transista imodzi ndi batire ya mavolti 9, n'kukaika m'kachitini ka fodya wa fwenkha, pafupi ndi bangwe, ndi waya wamfupi wokutidwa bwino kuti asatole mkonono wa magetsi. Adati aka ndi kamkhalapakati, kamamva chinenero cha piezo n'kumasulira ampu.

Chomatira sadafune guluu, kuopa kuwononga thabwa ndiponso kuti tizitha kusuntha. Adatuma mwana kukagula phula kwa alimi a njuchi a m'mphepete mwa Nyika amene amagulitsa uchi pa boma. Pajatu amati safunsa adadya phula. Ine ndidali nditadya langa kale pa Bolero, ili linali lachiwiri. Masana onse adathera pa kufuna malo. Akamata pafupi ndi timitengo tochunira, mawu ankabwera olasa ngati singano. "Apo yayi," asibweni ankatero. Akamata pafupi ndi chitini, zitsekerero zija zinkameza nyimbo yonse, ngati matalala padenga. "Yayi, yayi." Adasuntha chala chimodzi, zala ziwiri, kutembenuza thabwa, kumata kunsi kwake. Dzuwa litapendeka adamata chakumapeto, kunsi, pambali pang'ono. Asibweni adakwapula kamodzi, n'kuima. Adakwapulanso. Adayang'ana bokosi, adayang'ana bangwe, ngati munthu amene wakumana ndi mbale wake pa depoti ya kutali. "Enya," adatero chapansipansi. "Ndiyo iyi."

Za likhweru lija adandiphunzitsa ngati mwana wa sitandade wani. Mawu akatuluka mu sipika n'kubwereranso mu mayikolofoni kapena m'chitini, ampu imawakuzanso, amatulukanso, amabwereranso, mpaka nkhumba. Ine ndidali nditachita zonse zoitana nkhumbayo: sipika kumbuyo kwa woimba, mayikolofoni m'chitini mmene mawu amazungulira. Lamulo lake n'lapafupi. Bokosi likhale patsogolo pa woimba, chapambali, litafulatira iye n'kuyang'ana anthu. Lisakhale pansi, pamene mawu amathera m'miyendo ya anthu a kutsogolo, koma pampando kapena pachitsa. Besi itsike, eko izime. M'chitini adaikamo kansanza kuti chisamalire chokha. Ya pakamwa adasankha mayikolofoni ya waya, yosafuna batire, n'kuimangirira ku nsungwi ndi mphira wa chubu.

Bokosi lenilenilo adalikhoma ndi pulayiwudi: sipika ya mainchesi 8 yochokera m'galimoto yakufa, twita mmodzi, kabolodi ka mawati ngati 20, mabowo awiri, lililonse ndi voliyumu yakeyake, lina la bangwe lina la pakamwa. Magetsi othamangitsana adati ayi, amenewo amadya batire popanda kuimba nyimbo. Batire adaika ya mavolti 12, ya 7Ah, n'kundiwerengetsa samu pa chikuto cha kope: 12 kuchulukitsa ndi 7 ndi 84, koma batire ya mtundu umenewu ukamaikama mpaka kuuma imafa msanga, ndiye werengera theka. Theka limenelo, pa voliyumu ya munthu wanzeru, likwana masana onse a chikwati. Ikatero ipite pa sola tsiku lomwelo, isagone ndi njala. Bokosi lonse ndidalinyamula ndi dzanja limodzi, ndipo pakaliyala lidakhala ngati lidabadwira pomwepo. Malipiro ake adatenga mfumu ya masipika ija. Ndidamva kuti adaigulitsa pometera pena, ndipo kumeneko ikusangalala, chifukwa ndiyo ntchito imene adailengera.

Pali anzanga ena olemba, a m'tauni, amene nditawafotokozera adakwinya nkhope, ati chida cha makolo sachilowetsa magetsi, chimataya mzimu. Anthu amenewa ndimawakonda, koma sadaonepo nkhalamba ikuyasamula ngati nsomba pa chikwati cha mdzukulu wake. Bangwe wa m'zaka za m'ma 1950 tikumumva lero chifukwa Hugh Tracey adayenda m'dziko muno ndi mayikolofoni. Babatoni wa Madalitso Band ndi wa Gasper Nali wa ku Nkhata Bay sakadamveka pa mabwalo a ku Ulaya popanda waya. Malemu Wambali Mkandawire, amene kwawo kunali ku Mlowe m'boma lomweli la Rumphi, adatenga maimbidwe a kunyanja n'kuwakweza pa nsanja ndi zida zamagetsi, ndipo palibe adati mzimu wathawa. Ine mantha anga sanali pamenepo. Kunena zoona ndidalibe mantha alionse, ndipo ndiko kudali kupusa kwanga kwachiwiri.

Nyimbo zambiri za asibweni zili ndi malo pamene mawu amatsika. Amaimba mokweza, anthu n'kumavomera, kenaka mutu umawerama, chibwano chimatsamira pachifuwa, mawu n'kulowa m'chitini, kumangomveka kung'ung'udza. Pakapita kanthawi mutu umadzukanso. Ine kuyambira ndili mwana ndinkayesa kuti ndi mpweya umawathera, ndipo atakalamba ndidati ndi ukalamba. Sindidaganizepo kuti munthu ameneyu adaphunzira kuimba m'zaka ziti. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi mu 1968, n'kudzabwereranso mu 1994. Pakati ponsepo mnyamata wa ku Hewe ankadziwa kuti nyimbo yake sidzatuluka m'bokosi lililonse, ndiponso kuti pa mowa uliwonse pamakhala khutu limodzi losamwa. Anali masiku a makadi a chipani pa chipata cha msika, masiku amene aphunzitsi a kumpoto adawalamula mu 1989 kubwerera kwawo. Chakufwa Chihana, mwana wa ku Mhuju, adalankhula mokweza pa bwalo la ndege mu April 1992, ndipo tonse tikudziwa kumene adagona usiku umenewo. Zonsezi ndidaziwerenga, zina ndidazilembapo ndakatulo. Koma kuzilumikiza ndi chibwano cha asibweni, ayi.

Mu August 2024 kudali chikwati cha mwana wa msuweni wanga. Anyamata a masipika adalipo ndi jenereta yawo, koma tidapangana kuti nthawi ya chakudya apume. Bokosi lathu tidaliika pampando, patsogolo, chapambali, monga mwa malamulo. Ine ndidakhala pambali pake ngati woyendetsa ndege. Asibweni adavala jekete. Atakwapula koyamba, anthu amene anali pa mzere wa nyama adatembenuka. Sadali mawu ogwedeza nthiti ayi, koma ankafika mpaka ku mitengo ya mango kumene amayi ankapakula, oyera, thabwa likumveka, zitsekerero zikusekerera pansi pake. Agogo ena aakazi adataya ndodo n'kulowa m'bwalo. Nthungululu. Ndalama zidayamba kugwa m'chipewa, zamapepala, osati makobidi. Mnyamata mmodzi wa masipika adabwera kudzasuzumira kuseri kwa bokosi, n'kundifunsa kuti ndi mawati angati. Ndidati 5000.

Nyimbo yachinayi inali imene ndimaikonda kuyambira ubwana, ya kayendedwe kodekha. Idafika pamalo paja. Mutu udawerama, pakamwa padachoka pa mayikolofoni. Ine, poona kuti mawu akutayika, ndiponso, ndivomere, pofuna kumva kamodzi kokha zimene zimanenedwa m'chitinimo, pakuti ndine munthu wa mawu, ndidagwira voliyumu ya pakamwa n'kuipotokola mpaka kumapeto.

Kung'ung'udza kuja kudatuluka poyera, liwu lililonse lili gwa. Ine ndidatolapo ochepa: tenanti, jekete, mwana, dambo. Koma ena onse pabwalopo adamva zonse. Manja amene ankawomba adaima m'malere. Agogo aja adatola ndodo yawo. Ku mipando ya alendo olemekezeka bambo wina wa suti yotuwa adaimirira, adayang'ana asibweni nthawi yaitali, n'kukoka mkazi wake, ulendo ku galimoto. Anthu ena asanu ndi mmodzi adamutsatira, mbale za mpunga zili zodzaza.

Adandimasulira usiku ndi msuweni wanga, mokalipa. Nyimboyo imanena za mwini esiteti wina wa m'zaka za m'ma 1980, ndipo imamutchula ndi dzina limene anthu ankamutchula kumbali. Munthuyo adasunga tenanti wochokera ku Mulanje zaka zitatu. Chaka chilichonse fodya akagulidwa ankamuwerengera chimanga chimene adadya, mchere, sopo, feteleza, mpaka ngongole kuposa malipiro. Chaka chachitatu adamupatsa jekete yakale. Mwana wa tenantiyo atamwalira, mwini esiteti adakaniza matabwa, ndipo adakamuika mu mphasa kutsidya kwa dambo, kumanda kwa alendo. Nkhani zotere m'minda ya fodya sizinali zachilendo, n'chifukwa chake mu 2021 lamulo lidaletsa utenanti. Koma iyi inali ndi dzina. Mwini dzinalo adamwalira kalekale. Wa suti yotuwa uja ndi mwana wake, ndiponso ndi bambo wamng'ono wa mkwati.

M'mawa mwake nkhani idapita kumphala. Akuchimuna adati tawachititsa manyazi pamaso pa alendo, pa tsiku la chimwemwe, ndipo ine sindingawatsutse: munthu uja adabwera kudzadya mpunga wa mwana wake, sadabwere kudzazengedwa mlandu wa bambo ake. Akuluakulu adagamula kuti asibweni apepese ndi nkhuku ziwiri. Ndidadikira kuti anene kuti adapotokola ndi muphwa wawo. Aliyense adandiona ndili pa bokosi. Sadanditchule. Adati nyimbo ndi yanga, pakamwa ndi panga, nkhuku ndipereka. Nditafuna kuimirira adandiponda phazi.

Pobwerera tidayenda mtunda ndithu osalankhula. Kenaka adaima. "Iwe umayesa mpweya umandithera?" Ndidati eya. Adaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Zaka makumi anayi ndakhala ndikuimba nyimbo imeneyi. Mwini wake adaimvapo ali moyo, adandiponyera ndalama. Amene amafuna kumva pamene paja amadziwa pokhala, amasendera pafupi ndi chitini. Amene sakufuna amakhala patali n'kumavina. Aliyense amasankha yekha. Iwe dzulo udawasankhira onse."

Ndidayesa kudzitchinjiriza. Ndidati koma asibweni, zimene zija n'zoona, ndipo masiku ano kuli ufulu wolankhula, tidavota pa 14 June 1993. Adati, "Udavota iwe? Unkayamwa." Adatinso ufulu umenewo ndi wabwino chomene, koma mwana wa mlongo wako ndiye akakhale m'banja limenelo, osati iwe ndi nyuzipepala yako.

Patapita masiku atatu, ine ndili pafupi kubwerera ku Mzuzu, kudabwera gogo wina wa tsidya lina, wopindika msana, ndi kambale ka mtedza. Sadali pa chikwati, adangomva. Adakhala pa mphasa, adalonjerana ndi amama nthawi yaitali, za mvula, za njovu za ku Vwaza zimene zidalowa m'minda chaka chimenecho, za miyendo. Pomaliza adatembenukira kwa asibweni n'kunena kuti wamva kuti mu nyimbo muja amati mwana wa tenanti anali mnyamata. "Anali msungwana," adatero. "Ndidamusambitsa ndine." Sadanene kuti nyimboyo ndi yabwino kapena yoipa. Adasiya mtedza, adatenga kambale kake, n'kumapita. Madzulo amenewo ndidamva asibweni kuseri kwa nkhokwe, bokosi lili chizimire m'nyumba, akubwereza malo amodzimodzi kambirimbiri, kufuna kuti liwu latsopanolo likwane m'kayendedwe ka chala.

Bokosi lija likugwirabe ntchito. Limakwera njinga kupita ku Katowo, ku Bolero, nthawi ya Gonapamuhanya limakaima m'mphepete mwa msewu kumene anthu amadikira magalimoto. Pa voliyumu ya pakamwa adapakapo kadontho ka utoto wofiira wa m'zikhadabo, wa mdzukulu wawo, ndipo kabataniko sikadutsa pamenepo. Ine adandiletsa kukhala pafupi nalo. Ntchito yanga, ndikakhalapo, ndi kuyendetsa chipewa. Mkwatibwi uja ali ndi mwana tsopano, koma wa suti yotuwa sadapondebe pakhomo pa msuweni wanga.

Batire yayamba kufooka, chifukwa adzukulu adatulukira kuti ikhoza kutchaja mafoni, ndipo amaikama usiku mkulu akagona. Sabata yatha adandiimbira, atakwera pachulu pamene pamagwira netiweki. Ati makoswe adya waya wa mayikolofoni, ndiwapezere wina wa mamita atatu, wokutidwa bwino, ndipo ndisagule ndekha, ndipite ndi mkulu wa magalasi uja. Ndidati chabwino asibweni, ndalama ndipeza. Chapatali ndidamva amama akufunsa kuti akulankhula ndi yani, ndipo atauzidwa adakuwa kuti amuuze kuti mbuzi za kwa aneba zaswa mapasa.